GRUB ikati "unknown filesystem", musathamangire kufomata disiki

Pa sikirini: laputopu ikuyaka, kenako mdima ndi mizere iwiri:
error: unknown filesystem
grub rescue>

Moni nonse. Amene munaionapo mizere iwiriyi mukudziwa mmene mtima umagundira. Zithunzi zanu, makalata a kuntchito, zonse zili m'kompyutamo, koma ikukana kudzuka. Ndikupemphani chinthu chimodzi tisanapite patali: musafomate. Nthawi zambiri mafayilo anu ali bwinobwino. GRUB, pulogalamu yodzutsa Linux, yangolephera kuwawerenga.

Tiyambe ndi zomwe zimachitika mukadina batani loyatsira. Choyamba kudzuka ndi BIOS kapena UEFI, pulogalamu yomwe ili pa bolodi ya kompyuta. Iyo imaitana bootloader, ndipo pa Linux nthawi zambiri bootloader yake ndi GRUB. Ntchito ya GRUB ndi kulowa mu foda ya /boot, kutenga kernel (mtima wa Linux), n'kuiyika mu memory kuti iyambe kuyendetsa zinthu.

Apa ndi pomwe ambiri timasochera. Timaganiza kuti poti Linux imawerenga ext4, Btrfs ndi XFS, omwe ndi ma filesystem (njira zosanjira mafayilo pa disiki), ndiye kuti GRUB imawerenganso. Ayi ndithu. Pa nthawi imeneyo kernel imakhala isanadzuke, choncho GRUB ilibe woyifunsa. Imayenda ndi timapulogalamu takeyake towerengera disiki, tolembedwa padera. Kamodzi ka ito, ext2.mod, ndi kamene kamawerenga ext2, ext3 ndi ext4 yomwe. Zili ngati mlonda wa pageti amene anaphunzira ziphaso zakale: mabwana mkatimo asintha kalembedwe ka chiphaso, koma iye sanauzidwe. Mufika ndi chiphaso chenicheni, akubwezani.

Pa sikirini: chithunzi cha gawo la disiki, kabokosi kakang'ono koyambirira kakuwala.

Kabokosi aka ndi superblock. Pa ext4 kamakhala pa mabaiti 1024 kuchokera poyambira gawo la disiki, ndipo m'menemo mumalembedwa luso lililonse lomwe filesystem ikugwiritsa ntchito. Malusowa ali m'magulu atatu. Gulu la compat limati ngakhale sukundidziwa, werenga ndi kulemba. La ro_compat limati werenga kokha. Koma la incompat limati ngati sukundidziwa, usandikhudze n'komwe. GRUB ikapeza dzina lachilendo m'gulu lachitatuli imabwerera m'mbuyo n'kunena kuti "unknown filesystem". Ine sindiyiimba mlandu pamenepa. Lamuloli analiika kuti pulogalamu isamachite zongoganizira pa mafayilo a anthu.

Tione zomwe zinachitikadi. Mu Febuluwale 2023 munatuluka e2fsprogs 1.47.0, zida zopangira ndi kukonzera ext4, zomwe amaziyang'anira Theodore Ts'o. Kuyambira pamenepo, mkfs.ext4, pulogalamu yofomatira ext4, inayamba kuyatsa yokha maluso awiri: metadata_csum_seed ndi orphan_file. Loyambalo ndi labwino zedi. Ext4 imaika nambala zotsimikizira kuti kaundula wa mafayilo sanawonongeke, ndipo kale nambalazi zinkawerengeredwa kuchokera pa UUID, nambala yodziwira gawo la disiki. Ukasintha UUID, zonse zinkayenera kulembedwanso. Luso latsopanoli limasunga mbewu ya nambalazo mu superblock, ndiye UUID ingasinthe popanda chipwirikiti chonsecho.

Vuto ndi loti metadata_csum_seed ili m'gulu la incompat, ndipo GRUB 2.06, yomwe inatuluka mu Juni 2021, sinkalidziwa dzinali. Chondipweteka mtima n'chakuti lusoli silisokoneza kawerengedwe ka GRUB ngakhale pang'ono. Chomwe chinkafunika ndi kungoyiuza kuti dzina ili ukaliona, lidutse. Kukonzako kunali kutalembedwa kale, koma kunadikira mpaka GRUB 2.12 mu Disembala 2023 kuti kutuluke mwalamulo. Pakati apa ena opanga Linux anakulowetsa okha m'ma GRUB awo, ndipo a Debian anazimitsa maluso awiriwa mu e2fsprogs yawo pokonzekera Debian 12.

Ine ndinakumana nazo motere. Ndinasintha disiki ya laputopu yakale, ndinafomata gawo latsopano ndi fulashi ya Linux yatsopano, kenako ndinakoperamo Linux yanga yakale yonse. Kernel inkawerenga gawolo popanda vuto, mafayilo ndikuwaona ndi maso angawa. Koma grub-install, pulogalamu yoikira GRUB pa disiki, inangoti "unknown filesystem". Chofomatira chinali chatsopano, GRUB inali yakale.

Tiyeni tifufuze limodzi. Yatsani kompyuta ndi fulashi ya Linux, lembani lsblk -f kuti mudziwe gawo lomwe muli /boot. Kwa ine ndi sda2, kwa inu likhoza kukhala lina, chonde yang'anitsitsani.

Pa sikirini:
sudo dumpe2fs -h /dev/sda2 | grep -i features

Pamzere wautaliwo funani metadata_csum_seed. Ngati ilipo ndipo GRUB yanu ndi 2.06 yosakonzedwa, wapezeka wolakwa. Koperani kaye mafayilo ofunika pa disiki ina. Kenako chitani umount pa gawolo kuti Linux isiye kuligwiritsa ntchito, chifukwa sitikonza filesystem ikugwira ntchito.

Pa sikirini:
sudo e2fsck -f /dev/sda2
sudo tune2fs -O ^metadata_csum_seed /dev/sda2

Kachizindikiro kosongoka m'mwambako kakutanthauza kuti zimitsa. Mukakaiwala, mwayatsa m'malo mozimitsa. Ndipo poti tili pompano, orphan_file nayo ili ndi kake: GRUB siivuta nayo, koma e2fsck yakale, pulogalamu yofufuza ndi kukonza ext4, imadandaula za FEATURE_C12 n'kukuuzani kuti mupeze e2fsck yatsopano. Ngati Linux yanu ndi yakale, zimitsani orphan_file ndi tune2fs mwa njira yomweyi. Mukatero lowani mu Linux yanuyo ndi chroot, lamulo lolowera mu Linux ya pa disiki muli pa fulashi, muyesenso grub-install.

Ikakanabe, werengani uthengawo bwino, chifukwa pali misampha ina iwiri yomwe anthu amaisokoneza ndi iyi. Pa UEFI pamafunika kagawo ka EFI kofomatidwa ndi FAT32, poti FAT ndiyo imene UEFI iliyonse imakakamizidwa kuwerenga. Mukakapanga ext4, kompyuta sidzaiona GRUB ngakhale mutaiyika kakhumi. Pa BIOS yakale, kamalo koyambirira penipeni pa disiki, kotchedwa MBR, kali ndi mabaiti 512 okha, ndipo pulogalamu yodzutsira imapatsidwa osapitirira 446. GRUB yonse singakwane pamenepo. Ngati disiki inagawidwa mwa njira ya GPT, ipangireni GRUB kagawo ka BIOS boot ka 1 MiB, kosafomata, koti isungemo core.img, fayilo yake yaikulu yodzukira.

Maganizo anga ndi awa. Btrfs kapena ZFS muziyesa mmene mungafunire pomwe pali mafayilo anu, koma /boot muziisiya pa ext4 wamba. Kumbukirani kuti GRUB inayamba kuwerenga Btrfs yopanikizidwa ndi zstd mu 2.04, kernel itayamba kale. Ndipo pofomata /boot, gwiritsani ntchito zida za Linux yomwe muikemoyo, osati za fulashi ina iliyonse yomwe mwaipeza m'thumba.

Tsopano tiione yanga.

Pa sikirini:
sudo grub-install /dev/sda
Installation finished. No error reported.

Ndizimitse, ndizule fulashi, ndidine batani. Nayo menyu ya GRUB, ndipo kernel yayamba kudzuka.