Lucky Dube: Anamupha Osamuzindikira

[Chithunzi: msewu wa ku Johannesburg usiku, magetsi a galimoto]

Linali Lachinayi, pa 18 Okutobala 2007, mdima utagwa kale. Galimoto ya mtundu wa Chrysler 300C inaima panja pa nyumba ina ku Rosettenville, kummwera kwa mzinda wa Johannesburg. Bambo wina ankatsitsa ana ake awiri kwa achibale. Mwadzidzidzi panatulukira anyamata onyamula mfuti, maso awo ali pa galimotoyo. Anaomba mfuti. Bamboyo anayesa kuthawa ndi galimoto ali ndi mabala, koma sanapite patali. Anagunda galimoto ina, n'kukaomba mtengo, ndipo anafera pomwepo. Anali ndi zaka 43 zokha. Dzina lake anali Lucky Philip Dube, woimba rege wa ku South Africa.

[Wofotokoza akuonekera pa kamera]

Takulandirani abale ndi alongo, kulikonse kumene mukuonera. Nkhani ya lero imandiwawa mpaka pano, ndiye mundipirire ndikamachedwa pena.

Ine Lucky Dube ndinamudziwira pa kaseti. Malume anga anabwera nayo kuchokera ku Joni, chikuto chake chitasweka pakona, atachimata ndi selotepi. Mabatire a wailesi akamatha, tinkatulutsa kasetiyo, kulowetsa bolopeni pa kabowo kake n'kumaizunguza ndi dzanja kuti ibwerere poyambira, poopa kumaliza mabatire. Chingerezi sitinkachimva chonse, koma aliyense pakhomo, mpaka agogo, ankadziwa kuti munthu ameneyu akudandaula chinthu chenicheni. Mu minibasi, pa chigayo, m'mabala, m'masitolo a pa tauni, mawu ake anali paliponse. Ambiri a ife tinkamuona ngati mwana wa kwathu.

[Chithunzi: mapu a South Africa, kadontho pa Ermelo]

Anabadwa pa 3 Ogasiti 1964 ku Ermelo, m'chigawo chomwe lero chimatchedwa Mpumalanga. Mayi ake anali atapita padera kangapo, ndiye mwana ameneyu atabadwa wamoyo anamupatsa dzina loti Lucky, kutanthauza wamwayi. Bambo ake panalibe, mayi anali kukasaka ntchito kutali, choncho analeredwa kwambiri ndi agogo ake aakazi. Ali wamng'ono ankagwira ganyu yosamalira maluwa ndi kapinga m'nyumba za azungu. Kuimba anakuyambira mu kwaya ya kusukulu, ndipo ali ndi zaka 18 analowa gulu la msuweni wake Richard Siluma, lotchedwa The Love Brothers. Ankaimba mbaqanga, chamba cha nyimbo za Azulu, ndipo malonda ankayenda bwino.

Apa ndi pomwe ndimamupatsira ulemu waukulu. Mnyamata wokulira mu umphawi, wangoyamba kumene kugwira ndalama, anasiya chamba chomudyetsa n'kutembenukira ku rege. Anali atamvetsera Peter Tosh ndi Jimmy Cliff, n'kuona kuti zomwe anthu a ku Jamaica ankadandaula ndi zomwezo ankaziona pakhomo pake pansi pa ulamuliro wa tsankho. Chimbale chake choyamba cha rege, Rastas Never Die, chinatuluka mu 1984. Chinagulidwa pang'ono kwambiri, ndipo mu 1985 boma la azungu linachiletsa. Wina akanabwerera msanga ku mbaqanga. Iye ayi. Anatulutsa Think About the Children, kenako Slave mu 1987, Prisoner mu 1989, ndipo pofika 1991 anali ataima pa nsanja ya chikondwerero cha nyimbo cha Reggae Sunsplash ku Jamaica komweko, kwa eni chamba. Victims, cha mu 1993, chinagulidwa makope oposa miliyoni imodzi padziko lonse.

[Wofotokoza akuonekeranso]

Nanga ankanena chiyani kwenikweni? Mu 1988, m'dziko muli malamulo okhwima a nthawi ya chipwirikiti, Nelson Mandela akadali m'ndende, anatulutsa Together As One. Mu nyimboyi anatchula tsankho ndi dzina lake lenileni, mosapsatira. Koma sanauze munthu aliyense kuti atole mwala kapena mfuti. Ankalankhula kwa wakuda, kwa mzungu, kwa mmwenye, onse pamodzi, kuti dzikoli ndi lanu nonse, mudzakhala bwanji mukudana? Panthawi imeneyo mawu otere sanali opepuka, chifukwa mbali zonse ziwiri kunali anthu amene sankafuna kuwamva.

Ankaimbanso za m'nyumba: bambo womwa mowa mpaka kuiwala ana, mwana wokula osadziwa nkhope ya bambo ake. Ndi zomwe iye mwini anadutsamo. Ndipo pali chinthu chimene anthu ambiri amadabwa nacho akamva koyamba: ndi madiredi ake onse aja, Lucky Dube sankasuta chamba, sankasuta fodya, sankamwa mowa.

Ufulu utabwera mu 1994 sanatseke pakamwa. Mu 1999 anaimba za umbanda ndi katangale m'dziko latsopanolo, n'kufunsa omvera ake ngati sachita mantha kuti tsiku lina adzachoka pakhomo ali bwinobwino n'kubwerera m'bokosi. Patangopita zaka zisanu ndi zitatu, zinamuonekera iye mwini. Chaka chimenecho ku South Africa kunkaphedwa anthu pafupifupi 50 tsiku lililonse.

[Chithunzi: khomo la khothi lalikulu ku Johannesburg]

Mu 2009 khothi linapeza anthu atatu olakwa: Sifiso Mhlanga, Julius Gxowa ndi Mbuti Mabe. Onse anagamulidwa kukhala m'ndende moyo wawo wonse. Koma pali mawu amodzi omwe anamveka pa mlanduwu amene sachoka m'mutu mwanga. Achiwembuwo sanamuzindikire. Ankaganiza kuti ndi munthu wa ku Nigeria.

Taganizirani bwino pamenepo, abale anga. Iwo ankaona kuti akadakhala mlendo, palibe chodandaulitsa. Magazi a munthu wobwera ankawayesa otchipa. Munthu amene anatha zaka zoposa 20 akuchonderera anthu kuti asasankhane mitundu, anaphedwa ndi anthu amene anamuyesa wa mtundu wina.

Ife Amalawi mawu amenewa sitingawamve ngati nkhani ya kutali. Ndi mabanja angati kwathu kuno amene ali ndi mwana, mlongo kapena malume ku Joni, akugwira ntchito m'nyumba za anthu, m'magalaja, m'mashopu? Miyezi isanu ndi iwiri yokha Lucky Dube atamwalira, mu Meyi 2008, ziwawa zodana ndi alendo zinabuka ku Alexandra, mu mzinda wa Johannesburg, n'kufalikira m'madera ena. Anthu oposa 60 anaphedwa. Abale athu ambiri anabwerera kumudzi pa mabasi, ena atangonyamula kachikwama kamodzi, katundu yense wa zaka zambiri atapsa kapena kulandidwa.

[Chithunzi: mapiri a KwaZulu-Natal, nyimbo ikumveka chapansipansi]

Lucky Dube anamuika m'manda ku famu yake ku Ingogo, kufupi ndi Newcastle, motsatira mwambo wa mpingo wa Shembe umene ankapemphera. Anasiya ana asanu ndi awiri. Mmodzi mwa iwo, Nkulee Dube, anatenga maikolofoni ndipo amaimba rege m'mayiko osiyanasiyana.

Kaseti ya malume ija ndikadali nayo. Tepi yake inaduka kalekale, ndipo wailesi yoti n'kuikamo kunyumba kulibenso. Ili mu kabati, m'chikuto chomwe chija cha selotepi.