Kodi Chichewa chimamulepheretsa mwana kudziwa Chingerezi?

Muli bwanji nonse, takulandiraninso! Lero ndili kuno ku Senga Bay, ku Salima. Ngati muli ndi mwana wa Sitandade 1 mpaka 4, musachoke, chifukwa pali bodza lina limene landitopetsa.

Mwachangu kaye: maphunziro a ziyankhulo ziwiri ndi pamene mwana akuphunzira kuwerenga, kulemba ndi masamu m'ziyankhulo ziwiri, osataya chimodzi. Si zachilendo. Sukulu ya Coral Way ku Miami inayamba zimenezi mu 1963, Chisipanishi ndi Chingerezi. Kwathu kuno takhala tikusinthasintha. Mu 1996 unduna unati ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chiyankhulo cha kwawo. Lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi patsogolo. Mu 2016 kunabwera National Reading Programme, yophunzitsa kuwerenga Chichewa ndi Chingerezi chomwe. Ndiye mayeso a MANEB a Sitandade 8 ndi a m'Chingerezi, kupatula pepala la Chichewa. Apa ndi pamene mantha a makolo amachokera, ndipo ndikuwamvetsa.

Tsopano bodza lija. "Mwana ukamamulankhula Chichewa, mutu wake umadzaza, Chingerezi sichilowa." Mwamvapo? Lembani mu ma comment ngati munamvapo. Mpaka makolo ena amaletsa agogo kucheza ndi mdzukulu, akuti amuwonongera Chingerezi. Abale inu, zimenezi zimandipweteka mtima.

Ine ndinaphunzira pasukulu ina, sindiitchula, pamene ukalankhula Chichewa ankakukoleka kathabwa m'khosi. Unkayenda nako mpaka utamva mnzako nayenso akulankhula Chichewa, n'kumupatsira. Amene tsiku lamuthera ali nako ankatchetcha udzu. Kodi tinadziwa Chingerezi? Ayi. Tinangophunzira kukhala duu. Aphunzitsi akafunsa funso, kalasi yonse zii, ngakhale amene yankho ankalidziwa.

Onani izi. Ndalemba pamchengapa: ba, be, bi, bo, bu. Chichewa chili ndi malembo a liwu asanu, ndipo chimawerengedwa mmene chalembedwera. Mwana akadziwa maphatikizo, awerenga "usipa", awerenga "bwato", ndipo nkhope yake iwala chifukwa usipawo amaudziwa, wauona pathandala m'mawa womwewu. Tsopano tengani "a" wa Chingerezi. Mu cat, mu cake, mu call, lembo ndi limodzi koma likumveka mitundu itatu. Ndiye mukufuna mwana wa zaka 6 alimbane ndi zinthu ziwiri nthawi imodzi: kuzindikira kuti malembo amayimira mawu, komanso kumva chiyankhulo chimene sanachimvepo? Katunduyo ndi wolemera.

Kuwerenga munthu amaphunzira kamodzi kokha. Kuyambira kumanzere kupita kumanja, kulumikiza malembo, kutsatira nkhani, kulosera kuti Kalulu achita chiyani kenako, zonsezi akazigwira m'Chichewa amasamuka nazo kupita ku Chingerezi. Katswiri wina wa ku Canada, Jim Cummins, anazifotokoza kale cha m'ma 1979, kuti ziyankhulo ziwiri zimadyera m'mbale imodzi m'mutu mwa mwana. Choncho Chichewa ndi maziko. Chingerezi chiphunzitsidwe ndithu, tsiku ndi tsiku, mwamphamvu. Sindikunena kuti tichisiye, musandimve molakwika!

Ngati mwafika pano, dinani like, ndipo amene simunapange subscribe, batani lake ndi ilo. Zimathandiza kuti vidiyoyi ifike kwa makolo ena.

Nanga ntchitoyi ndi ya ndani? Mafuwa ndi atatu.

Loyamba, yunivesite ndi makoleji. Ku Zomba kuli Centre for Language Studies ya University of Malawi, imene inalowa m'malo mwa Chichewa Board mu 1996, ndipo ndi imene inatipatsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja. Mabuku a kusukulu amakonzedwa ku Malawi Institute of Education (MIE), ku Domasi. Aphunzitsi amaphunzira ntchito yawo m'makoleji a aphunzitsi (ma TTC) ngati Kasungu ndi Lilongwe. Pempho langa ndi limodzi: kafukufuku asamathere m'mashelefu. Akatswiriwa atsikire ku TDC, malo okumanirana aphunzitsi, akhale pansi ndi a PEA, alangizi a sukulu za pulayimale, ndi aphunzitsi a m'zoni. Ndipo akumbukire kuti cha ku Chipoka kuli ana olankhula Chiyao kunyumba. Kwa iwo Chichewa n'chachiwiri, Chingerezi n'chachitatu.

Lachiwiri, sukulu. Kathabwa kaja katayidwe, ndipo ana azibwerekedwa mabuku kupita nawo kunyumba.

Lachitatu, inuyo. Apa ndichedwepo pang'ono, chifukwa makolo ambiri amati, "Ine sukulu sindinapite patali, ndithandiza chiyani?" Mayi, bambo, muli ndi zambiri. Madzulo mukamasankha mpunga, muuzeni mwana akuwerengereni tsamba limodzi mokweza, inu muzingomvetsera. Mufunseni: nkhaniyi yatha bwanji? Iwe ukanatani? Agogo ayambe "Padangokhala", ana ayankhe "Tili tonse", kenako mwana abwereze nthanoyo yekha. Mutumeni awerenge nsomba m'beseni, akuuzeni m'Chichewa, kenako akuphunzitseni m'Chingerezi. Muona mmene adzanyadire kukhala mphunzitsi wa mayi ake. Ndipo pamsonkhano wa PTA musamangokamba za ndalama za chitukuko ayi. Funsani kuti ana a Sitandade 2 akuwerenga bwanji. Amayi a mother group, komiti ya sukulu, a mfumu, pezani mthunzi wa mtengo wa mango pamene ana angasonkhane masana ndi mabuku awo.

Tumizani vidiyoyi pa gulu la WhatsApp la makolo a pasukulu yanu. Sabata yamawa tikamba za Sitandade 5, pamene Chingerezi chimayamba kulemera ndipo ana ambiri amafookera pomwepo. Ndiuzeni mu ma comment: kwanu mwana amamva ziyankhulo zingati? Tionana Lachisanu!