Makalata a Omvera: Nyumba Yanga Ikhale Chikole cha Ngongole ya Mwana?

Takulandiraninso omvera athu. Kalata yoyamba lero yachokera kwa mayi amene apempha kuti tisawatchule dzina. Alemba motere:

"Mwana wanga wamwamuna akufuna ngongole yogulira nyumba, koma a banki akuti ndalama zoyambira zamuchepera. Wandipempha kuti nyumba yanga, imene tinamanga ndi malemu bambo ake, ikhale chikole. Akuti ine ndikangosaina basi, ngati mboni. Dzulo a banki andiuza kuti ndikaonane kaye ndi loya pandekha, mwanayo palibe. Zandipweteka mtima. Kodi akumuyesa mwana wanga wakuba?"

Pepani amayi, ndamva kuwawa kwake. Koma mawu amene andidetsa nkhawa m'kalata mwanumu ndi akuti "mboni". Mboni imangovomereza kuti yaona munthu akusaina, kenako n'kumapita kwawo. Inu simudzakhala mboni ayi. Mukangoika dzina papepalapo, a banki adzakhala ndi mphamvu yogulitsa nyumba yanuyo ngati mwana walephera kubweza, ngakhale inu simunagwireko ndalama zake. Mwana akhoza kukhala wokhulupirika kwambiri, koma ntchito imatha, matenda amagwa.

Za loyazo musakwiye nazo, n'zoteteza inuyo. Ku Britain kunachuluka milandu ya amayi amene anapereka nyumba ya banja ngati chikole cha ngongole za bizinesi ya amuna awo, ena chifukwa choumirizidwa, ena chifukwa chonamizidwa. M'chaka cha 2001, pa mlandu wotchedwa Etridge, khoti lalikulu la House of Lords linagamula kuti banki isalandire chikole chotere isanapeze kalata ya loya yotsimikiza kuti wamufotokozera mwini nyumba zonse. Loyayo azikumana naye maso ndi maso, wokongolayo ali kunja. Chifukwa chake mukuchidziwa nokha: ndi kholo liti linganene kuti "ndikuopa" mwana wake atakhala pambali pake akumuyang'ana? Banki ikadumpha zimenezi, ndipo zikadzaoneka kuti munthu anakakamizidwa, khoti likhoza kuikaniza kugulitsa nyumbayo.

Ku America anachita mwa njira ina. Pansi pa lamulo la Truth in Lending Act la mu 1968, amene wapereka nyumba yomwe akukhalamo kuti ikhale chikole cha ngongole ya wina yosakhala ya bizinesi amakhala ndi masiku atatu a ntchito oti asinthe maganizo. Akapanda kumupatsa chikalata chomuuza za ufuluwu, nthawiyo imatalika mpaka zaka zitatu. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, choncho mumufunse loyayo ngati kwanuko mwayi wobwerera m'mbuyo ulipo.

Pokalowa m'chipindamo, amayi, mukatenge magalasi anu owerengera ndipo musakachite manyazi kufunsa. Funso lalikulu ndi ili: kodi nyumba yanga ikuimira ndalama zingati? Mapepala ena amalembedwa kuti chikole chikuimira ngongole zonse za wokongolayo, za lero ndi zam'tsogolo, kuphatikizapo chiwongoladzanja ndi zolipira maloya. Mwana akadzakongola ya galimoto kubanki komweko, nayonso idzatsamira pa denga lanu. Mukapemphe kuti alembe malire m'manambala, ndipo mukaloze ndi chala pamene alembapo. Mukafunsenso kuti mwana akabweza zingati mapepala a nyumba yanu adzabwerera m'manja mwanu, komanso ngati a banki adzakudziwitseni mwezi woyamba umene iye waphonya. Ine ndikanakhala inu, popanda malire olembedwawo sindikanasaina.

Kalata yachiwiri ndi yaifupi, ya bambo wina. Akuti: "Ndavomera kupereka nyumba yathu kuti mng'ono wanga apeze ngongole ya nyumba, koma a banki akukakamira kuti mkazi wanga asainenso. Mutu wa banja si ine kodi?"

Bambo, ngati dzina la akazi anu lili pa mapepala a nyumba, ndiye kuti nawonso ndi eni ake, ndipo simungapereke gawo lawo. Ngakhale dzina litakhala lanu lokha, m'maiko ambiri lamulo limafuna chilolezo cha mkazi kapena mwamuna pa nyumba imene banja likukhalamo. A banki akadzabwera kudzagulitsa, wotulutsa miphika panja limodzi ndi ana adzakhala iwowo. Kalata yanu ikumveka ngati simunawauze n'komwe. Akhazikeni pansi madzulo ano, muwauze kuchuluka kwa ngongoleyo ndi zaka zobwezera, ndipo akakana musawakalipire.