Tola zitsekerero zisanu ndi zitatu, tiyambire pamenepo

Mphwanga, wadzuka bwanji? Uthenga wako uja ndaumva, wati aphunzitsi akayamba za kompyuta mutu umangozungulira. Usadandaule. Mvetsera bwino, uchite zimene ndikuuzezi mosathamanga.

Choyamba pita pagolosale ukatole zitsekerero za mabotolo zisanu ndi zitatu. Ukafika uziyale pakhonde mzere umodzi. Chitsekerero chogadama ndi 1, ndiye kuti magetsi akudutsa. Chovundikira ndi 0, magetsi palibe. Kompyuta iliyonse, ngakhale foni imene ukumverapo mawu angawa, imadziwa ziwirizi basi, kuyaka ndi kuzima. Chitsekerero chimodzi amati bit, zonse zisanu ndi zitatu pamodzi amati byte.

Tsopano tenga khala ulembe nambala pansi pa chitsekerero chilichonse, kuyambira kumanja kupita kumanzere: 1, 2, 4, 8, 16, 32, 64, 128. Waona, iliyonse ikuwirikiza kawiri inzake. Vundikira zonse. Kenako gadamitsa cha pa 64 ndi cha pa 1, uphatikize. Wapeza 65, eti? Pa mndandanda umene akatswiri anagwirizana, wotchedwa ASCII, 65 ndi chilembo A chachikulu. B ndi 66, C ndi 67, kumangopitirira choncho. Ukagadamitsa zonse upeza 255, ndipo ukawerengera ndi 0 yemwe ndiye kuti byte imodzi ili ndi mayalidwe 256. Pamenepa khalapo ngakhale tsiku lonse, mphwanga, chifukwa ambiri amathamangira kutsogolo asanapagwire, n'kuyamba kuona ngati kompyuta ndi matsenga.

M'kati mwa makina, ntchito ya zitsekererozo imagwiridwa ndi transistor, kaswichi kosafuna chala, kamene kamayatsidwa ndi magetsi omwewo. Anakatulukira ku Bell Labs ku America mu 1947. Kasanabwere, kompyuta yotchedwa ENIAC inkagwiritsa ntchito machubu agalasi pafupifupi 18,000 ndipo inkadzaza chipinda. Mu 1971 kampani ya Intel inaika ma transistor 2,300 pa kachipangizo kamodzi kotchedwa 4004. Lero foni yakoyo ili nawo mabiliyoni.

Chachiwiri, pempha aphunzitsi akutsegulireni kompyuta yakale imodzi. Zula kaye chingwe kumagetsi, osaiwala, kenako gwira chitsulo cha bokosilo usanakhudze za m'kati, chifukwa timagetsi ta m'thupi mwako titha kuwononga zipangizo. Yang'ana pansi pa fani, pamenepo pali CPU. Ameneyo ndiye wophika. Timatabwa titalitali toimirira pambali pake ndi RAM, ngati lichero limene wophika wayalapo zimene akuphika panthawiyo. Hard disk ndiye nkhokwe. Magetsi akathima, za palichero zonse zimapita, koma za m'nkhokwe zimatsala. N'chifukwa chake ndimakuuza kuti ukamalemba uzidina Ctrl ndi S pafupipafupi, kuti zimene walembazo zisungike m'nkhokwe. Wophikayo alibe nzeru zambiri ayi. Amatenga lamulo limodzi, kulizindikira, kulichita, n'kutenga lina. Mphamvu yake ndi liwiro. Ukaona palembedwa 3 GHz, ndiye kuti wotchi yake ikugunda maulendo 3 biliyoni pa sekondi imodzi.

Chachitatu ndi zilankhulo zolembera mapulogalamu a kompyuta, zimene unandifunsa zija. Malamulo amene CPU imamva ndi ma 0 ndi ma 1 okhaokha. Tangoganiza kulemba pulogalamu yonse pogadamitsa zitsekerero, mutu ungapweteke. Ndiye anthu anayamba kupatsa malamulowo timayina tachidule monga ADD ndi MOV, chimenecho ndi assembly. Chinathandiza, komabe umayenera kuuza makina kanthu kalikonse. Mu 1957 John Backus ndi anzake ku IBM anatulutsa Fortran, kuti munthu azilemba masamu pafupifupi mmene amalembera m'kope. Dennis Ritchie anapanga C cha m'ma 1972, ndipo Guido van Rossum wa ku Netherlands anatulutsa Python mu 1991.

Nanga makina amamva bwanji zimenezi? Pamakhala womasulira. Wina amatenga kalata yonse n'kuimasulira kaye isanawerengedwe, ameneyo ndi compiler, ndipo C imadalira iyeyo. Wina ali ngati womasulira wa kutchalitchi, mlaliki akuyankhula, iye akutsatira pambuyo pompo. Ameneyo ndi interpreter, ndipo ndi mmene Python imayendera kawirikawiri. Ine ndimati woyamba kumene ayambe ndi Python, chifukwa ukalemba mzere yankho limabwera nthawi yomweyo, ukalakwitsa umadziwanso pomwepo.

Ndiye ukapeza mpata pa kompyuta imene ili ndi Python, itsegule ulembe ord("A") n'kudina Enter. Ikuyankha 65. Kenako lemba bin(65), ikupatsa 0b1000001. Usadabwe ndi 0b woyambayo, amangosonyeza kuti nambalayi ndi ya ma 0 ndi ma 1. Werenga otsalawo, upeza alipo 7, chifukwa 0 wa pa 128 yamusiya. Yerekeza ndi zitsekerero zako pakhonde paja, uona kuti n'zofanana ndendende.

Madzulo ano uyale chilembo choyamba cha dzina lako, ujambule unditumizire pa WhatsApp ndione ngati wakhoza. Ukatero uyesenso chilembo a chaching'ono, nambala yake ndi 97, undiuze kuti wagadamitsa ziti. Upereke moni kwa mayi ako, uwauze kuti ndiwaimbira Lamlungu.