TB ku Canada? Ee, ndipo a Inuit akuti mapulani azipangidwa iwo ali pompo

Moni nonse, takulandiraninso pa tchanelo pano. Lero tikupita kutali, kumpoto kwenikweni kwa Canada komwe kumazizira mpaka nyanja kuuma gwa, tikakambe za TB. Ambiri mukudabwa kuti Canada ndi TB zikugwirizana pati, dziko lolemera chonchija. Dikirani kaye.

[Pa sikirini: mapu a kumpoto kwa Canada]

Kumtunda uku kumakhala a Inuit, eni nthaka a kumeneko, mu Canada monse alipo pafupifupi 70,000. Madera awo ndi anayi, Nunavut, Nunavik, Nunatsiavut ndi Inuvialuit, ndipo midzi yambiri msewu kulibe, umalowa pa ndege basi kapena pa sitima madzi akasungunuka. Mu 2016 chiwerengero cha odwala TB pakati pa a Inuit a m'madera amenewa chinali chokwera kuwirikiza pafupifupi ka 300 poyerekeza ndi anthu obadwira mu Canada momwemo omwe si eni nthaka. Ka 300 abale! Chimodzi chimene chikukolezera moto ndi nyumba, anthu opitirira theka amakhala mothithikana, ndiye kunja kukuzizira mawindo ali otseka miyezi ndi miyezi, mmodzi akayamba kutsokomola nyumba yonse ili pa chiopsezo.

Koma pali chinanso chimene dokotala wochokera ku Ottawa, likulu la Canada, sangachione pa X-ray.

[Pa sikirini: zithunzi zakale za sitima]

Kuyambira 1950 mpaka cha m'ma 1960 boma linkatumiza sitima yotchedwa C.D. Howe kuzungulira midzi kukayeza anthu. Munthu amakwera kuti akangojambulidwa pachifuwa, akapezeka ndi TB basi sabwereranso kumtunda, osatsanzika, osatenga chovala, mayi kusiya ana pagombe akuyang'ana. Amawatengera kuzipatala za kum'mwera ngati Mountain Sanatorium ku Hamilton, komwe palibe womva chilankhulo chawo, zaka ziwiri kapena kupitirira, ndipo m'mabuku a boma ankadziwika ndi nambala ya pa kachikopa kovala m'khosi osati dzina. Ambiri anafera konko abale awo osauzidwa n'komwe kuti manda ali pati. Zinafika poti sitima ikangoonekera anthu amathawira kutchire, boma n'kumawasaka pa helikoputa. Pa 8 Malichi 2019 Justin Trudeau, nduna yaikulu ya Canada pa nthawiyo, anapita ku Iqaluit, likulu la Nunavut, kukapepesa, n'kukhazikitsanso ntchito ya Nanilavut yothandiza mabanja kupeza manda aja.

Ndiye taganizani, agogo anu anatengedwa chonchi, lero nesi wachilendo akugogoda kuti tiyeze TB. Mutsegula? Pulogalamu ikhoza kukhala yabwino bwanji pa pepala koma ngati amene anayilemba sakudziwa za sitima ija, imagwa pakhomo loyamba lomwe.

Ku Iqaluit mu 2011 anayesa njira ina, kampeni ya Taima TB. Madokotala a ku Ottawa sanabwere okha, anakonza limodzi ndi boma la Nunavut komanso bungwe la a Inuit la Nunavut Tunngavik. Mauthenga anali m'chi Inuktitut, chilankhulo cha a Inuit, pa wailesi ya m'dera, pa Facebook, mavidiyo a anthu akomweko, ndipo poyenda khomo ndi khomo nesi amatsagana ndi munthu wa m'mudzimo amene amayamba ndi iye kulankhula. Zikuoneka zazing'ono eti, koma pakhomo woyamba kutsegula pakamwa ndi amene amapangitsa kuti mulowe kapena mubwerere.

Ine chitsanzo chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi cha uchembere. Kale mayi woyembekezera ku Nunavik akatsala milungu ingapo amakwezedwa ndege kukadikirira kum'mwera yekha, tinene kuti chidikiro chakwathu kuno koma chili mtunda wa makilomita oposa 1,000, mwamuna ndi ana atsala. Azimayi anakana. Mu 1986 ku Puvirnituq kunatsegulidwa malo ochilira a Inuulitsivik, komwe azamba achi Inuit amaphunzitsidwa pompo pa ntchito n'kumabereketsa anzawo m'chilankhulo chawo, kenako zinafalikira ku Inukjuak ndi ku Salluit. Amene mimba yake ili ndi chiopsezo amatumizidwabe ku Montreal, koma chiganizocho chimapangidwa ndi gulu la azamba, madokotala ndi manesi atakhala pansi, osati lamulo longoti aliyense akwere ndege.

Tsopano mbali imene anthu amaiwala, kuunika. Kufunsa anthu maganizo poyamba n'kosavuta, msonkhano umodzi, tiyi, zithunzi, lipoti. Nkhani ili poti ndani amene anena kuti pulogalamu yayenda bwino, akuyeza ndi chiyani, ndipo deta ikusungidwa ndi ndani. Wa ku ofesi awerenga kuti ayezedwa angati, amaliza mankhwala angati. Wa m'mudzi afunsanso zina, kodi pakhomo pali nyama ya ku ulenje, kodi achinyamata akulankhula chilankhulo, kodi anthu akupitabe kutchire ndi akuluakulu, poti kwa iwo zimenezo ndi umoyonso. Mu 2018 bungwe loimira a Inuit onse a mu Canada la Inuit Tapiriit Kanatami, lomwe mtsogoleri wake ndi Natan Obed, linatulutsa ndondomeko yonena kuti kafukufuku wa m'madera awo aziyendetsedwa ndi iwo eni. Pamenepo ndi pomwe pakuchokera kafukufuku wa zaumoyo wa Qanuippitaa, mafunso amasankha okha, ofunsa ambiri ndi akomweko, deta ndi yawo, ndipo zotsatira zimayenera kubwerera kumudzi osati kukathera m'magazini a mayunivesite.

Musaganize kuti zonse zili myaa. Mu Malichi 2018 boma la Canada ndi bungwe lija la Inuit Tapiriit Kanatami analonjeza kuchepetsa TB ndi theka pofika 2025 n'kuithetseratu pofika 2030, dera lililonse likulemba pulani yake. Koma pulani simanga nyumba, silemba manesi ntchito. Ku Pangnirtung, mudzi wa ku Nunavut, mliri wa TB unalengezedwa mu Novembala 2021 ndipo kunali kukokanakokana poti akuluakulu a zaumoyo sankafuna kutulutsa ziwerengero za mudzi ndi mudzi, ati kuopa kuti anthu azisalidwa, pomwe atsogoleri a a Inuit ankati tipatseni tidziwe kukula kwa vuto. Ku Nunavik odwala akwera m'malo motsika, moti mu 2025 mameya a midzi yonse 14 analembera boma la Quebec, chigawo chomwe muli Nunavik, kuti lilengeze kuti TB yafika pa ngozi.