Gudumu lomwa chinyontho: magetsi amathera pati?

Mukagula nsapato zatsopano, m'bokosi mumapezamo kapaketi ka timikanda toyera. Imeneyo ndi silica gel, ndipo ntchito yake ndi kumwa chinyontho. Lero tiona momwe imathandizira makina oziziritsa mpweya (AC) m'nyumba zikuluzikulu.

AC wamba amachotsa chinyontho poziziritsa mpweya mpaka madigiri 12 kapena 13, kuti nthunzi isanduke madontho. Mpweyawo umazizira mopyola muyeso, ndiye kawirikawiri amautenthetsanso asanaulowetse m'zipinda. Magetsi mwalipira kawiri pamenepo.

Njira ina yochotsera chinyontho ndi gudumu loikidwa podutsa mpweya. Mkati mwake muli timabowo ngati chisa cha njuchi, topakidwa silica gel, ndipo limazungulira pang'onopang'ono kwambiri. Mbali imodzi kumadutsa mpweya wa chinyontho, madzi n'kutsalira m'timabowomo. Mbali inayo kumadutsa mpweya wotentha woumitsa gudumulo, kuti likabwerera likamwenso.

Nkhani yagona pa kuumitsako. Mukatenthetsa mpweyawo ndi hita ya magetsi, zonse munapulumutsa zija zapita. Chonsecho kutentha kuli pomwepo, kukungotayika: AC mwini wake amatulutsa kutentha panja, jenereta nayo imatero, padenga mukhoza kuikapo zotenthetsa madzi ndi dzuwa. Silica gel imayamba kuuma ngakhale pa madigiri 60 mpaka 80, pomwe zeolite wa mtundu wa molecular sieve, chomwa chinyontho china chomwe amapaka m'magudumu ena, amafuna kutentha koposa apo. Choncho sankhani gudumu mutadziwa kale kutentha komwe muli nako.

China chomwe ambiri amaiwala: gudumu likamamwa chinyontho, mpweya umatuluka wouma koma wotentha. Kutenthako musakukankhire konse kwa AC. Ikani chosinthanitsa kutentha pakati, chikuchotse mumpweya wopita m'zipinda n'kukupereka ku mpweya woumitsa uja.

Liwiro nalonso n'lofunika. Gudumu likathamanga limanyamula kutentha kupita nako mbali yozizira, likachedwetsa limakhuta madzi lisanafike poumitsa. Makina abwino amasintha liwiro ndi kutentha molingana ndi chinyontho cha tsikulo. Cholinga n'kusunga chinyontho m'zipinda pakati pa 40 ndi 60 peresenti. Kuumitsa kupitirira apo n'kuwononga ndalama basi.

Palinso makina ogwiritsa ntchito madzi a mchere wa lithium chloride m'malo mwa gudumu. Madziwo amamwa chinyontho, ndipo chimachokamo ndi kutentha kochepa, koma mcherewo umadya zitsulo, n'chifukwa chake mbali zambiri amazipanga ndi pulasitiki.

Musanagule chilichonse chatsopano, pitani mukaone fyuluta ndi mphira wotseka m'mbali mwa gudumu. Fumbi likatseka timabowo fani imavutika, ndipo mphira ukatha mpweya wa chinyontho umadutsira m'mbali osakhudza n'komwe silica gel.