Kuyeza Mitengo M'dziko Lomwe Kumada 4 Koloko

Moni nonse, kulikonse kumene mukumvera. Ndine uja wa ku Dedza amene, malinga ndi agogo anga, ndinakwera ndege kudzawerenga mitengo ngati kuti kwathu inatha. Ndili m'kachipinda kanga kuno ku Edinburgh, nthawi yangokwana 4 koloko koma kunja kwada bii. Disembala wa ku Scotland ameneyo. Mukamva phokoso, ndi mvula pawindo, sindikukazinga chimanga.

Sabata yatha achemwali ena amene atsiriza digiri ya zankhalango ku Mzuzu University anandilembera kuti, "Achimwene, njira yake ndi iti?" Amafunsa njira yodzachitira maphunziro a PhD ngati angawa kuno ku UK. Lero ndiyankha inuyo achemwali, enanu mutolepo.

Maphunziro athuwa amafufuza mmene mitengo, nthaka, madzi, moto ndi nyama zimadalirana pamtunda. Ine ndili pa miombo: mitengo ya mombo, tsamba ndi mchenga, nkhalango yoyambira ku Angola mpaka ku Tanzania ndi Mozambique, malo okwana masikweya kilomita pafupifupi 2.7 miliyoni. Timadula puloti ya hekitala imodzi, mtengo uliwonse timaukhomera nambala, n'kuyeza kunenepa kwake pa mamita 1.3 kuchokera pansi. Pakapita zaka timabwerera ndi tepi yomweyo. Kusiyana kwa miyezoyo ndiko kumatiuza kuchuluka kwa kaboni amene nkhalango yasunga kapena yataya. Pali gulu lotchedwa SEOSAW lomwe limasonkhanitsa ziwerengero za mapuloti otere kuchokera m'maiko ambiri a mu Africa, ndipo akatswiri a pa yunivesite ya Edinburgh ali pakati pake. Lisakeni pa intaneti, muone mayina a anthu amene akugwira ntchitoyi.

Tsono tcherani khutu apa. Ine m'kalasi sindinali woyamba. Chimene ndinali nacho ndi funso. Ndinakula ndikuona anthu akugwetsa mombo wootcha makala, chitsa n'kuphukira bwinobwino, kenako moto wa Okutobala n'kupsereza mphukira zonse. Koma pomwe abambo anatentha molawirira, udzu usanaumitsitse, mphukira zimapulumuka. Ndinalembera aphunzitsi asanu ndi mmodzi, ndime ziwiri zokha: moto wa Juni ndi wa Okutobala umasiyana bwanji pa chitsa, nanga tingayeze motani? Anayankha awiri. Mmodzi ndiye akundiyang'anira pano. Iwowa ali ndi zithunzi za setilaiti komanso makompyuta amphamvu, koma munthu wodziwa chifukwa chimene mnyamata wosaka mbewa amayatsira tchire, wodziwa kulonjera mfumu asanakhome msomali pamtengo, ameneyo amamusowa. Kalata yongoti "ndimakonda chilengedwe" musalembe n'komwe, amalandira mulu.

Za ndalama ndinene mwachidule. Commonwealth Scholarship imalipirira PhD, ndipo Amalawi timaloledwa. Nthawi zambiri amatseka cha mu Okutobala. Sikolashipu ya Chevening ndi ya Masters ya chaka chimodzi, ndipo amafuna kuti mukhale mutagwirapo ntchito zaka ziwiri. Kuyambira 2021, bungwe la UKRI, lomwe limapereka ndalama za kafukufuku kuno ku UK, linatsegulanso chitseko kwa ophunzira akunja, kufika 30 mwa malo 100 alionse. Ndalama yodyera ya UKRI m'chaka cha 2025/26 inali mapaundi 20,780. Musaisinthe m'makwacha, mungakomoke pachabe, chifukwa lendi ya kachipinda kano imadya gawo lalikulu. Palinso mayeso a Chingerezi otchedwa IELTS, kuyezetsa TB musanapemphe viza, ndi ndalama ya chipatala ya mapaundi 776 pachaka, yolipiriratu zaka zonse kamodzi. Funsani msanga ngati sikolashipu yanu ikulipira zimenezi. Ine sindinafunse, ng'ombe ya amalume inapita.

Chimene sindinkayembekezera n'chakuti nkhalango ya kuno idzandiphunzitsa ya kwathu. Mu Julaye tinapita ku Highlands, mapiri a kumpoto kwa Scotland, kukaona paini wachilengedwe wa kuno. Makolo a mitengo alipo, akuluakulu, okhotakhota, koma pansi pake ana palibe. Agwape achuluka, amabudula kamtengo kalikonse kakangotulutsa mutu, poti mimbulu yomwe inkawadya inatha kalekale. Kulowa m'kati mwa mpanda wa waya wotchinga agwapewo, timitengo tili thothotho. Ndinaima n'kuseka ndekha. Ndi nkhani ya chitsa changa ija, kungoti kuno wolakwa ndi gwape, kwathu ndi machesi. Anzanga anadabwa ndikuseka, pomwe nkhope yanga inali itatupa ndi timaudzudzu tawo tija totchedwa midges, tochepa ngati ufa koma tolusa kuposa linthumbu. Neti ya kumutu gulani, musachite manyazi.

Kusungulumwa kuliko, achemwali, ndisakunamizeni. Seputembala akafika, nzeru zanga zimakhala pa mapiri a kwathu, tsamba litavala masamba ofiira mvula isanagwe n'komwe. Kuno nthawi yomweyo masamba amakhala akuyamba kufota. Chabwino chake cha ntchitoyi n'chakuti mapuloti anga ali kumudzi, ndiye mu Meyi ndikubwera ndi tepi ndi misomali, miyezi inayi yathunthu.

Achemwali, lembani ndime ziwiri zija, munditumizire ndiziwerenge musanazitumize kwa aphunzitsi. Ine ndikathe kaye ntchito ya kukhitchini, madzi a nsima awira ndipo ufawu ndinaugula modula. Tsalani bwino.